Kodi Ndani Akuyang'anira Mwana Wanu ku Sekondale?

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, m'midzi mwathu mumamveka nthungululu. Mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale amasanduka nkhani ya mudzi wonse. Makolo amagulitsa mbuzi, mtedza kapena thumba la chimanga kuti amgulire yunifolomu, nsapato, makope, ndowa ndi bulangete. Amafunsa za kutalika kwa mtunda, za ndalama zofunika, ndiponso ngati sukuluyo imakhozetsa bwino mayeso. Koma pali funso lina limene makolo ambiri salifunsa: kodi pasukulupo pali akuluakulu angati, ndipo mwa iwo ndani amene adzazindikire mwanayo akadwala, akamagona ndi njala, kapena akagwa m'mavuto?

Ena angadabwe kuona nkhani ya sukulu m'magazini ya zaumoyo. Chifukwa chake nchakuti mwana wa ku sekondale ali pa msinkhu umene thupi likukula mofulumira, maganizo akusintha, ndipo kwa nthaŵi yoyamba akukhala kutali ndi maso a makolo ake. Pa benchi ya chipatala chaching'ono cha kumudzi sipasoŵa mnyamata wa yunifolomu amene malungo amkulira chifukwa adakhala masiku anai ali gone m'hositelo, kapena mtsikana wa Fomu 2 amene wabwera kudzayamba sikelo ya amayi oyembekezera. Matenda ndi mavuto otereŵa amayamba pang'onopang'ono. Kumene kuli munthu wamkulu amene ali ndi nthaŵi yoyang'ana, amagwidwa msanga. Kumene kulibe, amadziŵika zinthu zitaipa kale.

Mmene tidafikira pamene tili

Sukulu za sekondale si zakale kwambiri m'dziko muno. Blantyre Secondary School idatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo sukulu yoyamba ya sekondale ya boma idatsegulidwa ku Dedza mu 1951. Sukulu zimenezi zidali zogonera komweko, ophunzira adali ochepa, ndipo aphunzitsi ankakhala pasukulu pomwepo. Mwana akapanda kuoneka pa chakudya chamadzulo, zinkadziŵika usiku womwewo.

Popeza malo adali ochepa, mu 1965 boma lidakhazikitsa Malawi Correspondence College, sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata ndi pawailesi. Ana amene sadasankhidwe ankasonkhana m'malo ophunziriramo a m'midzi, namaŵerenga timabuku totumizidwa kuchokera ku Blantyre, ndipo owayang'anira kaŵirikaŵiri adali aphunzitsi a ku pulayimale. Mu 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zidali zodziŵikiratu kuti khamu limeneli lidzagogoda pa khomo la sekondale. Motero mu 1998 boma lidalamula kuti malo ophunziriramo aja asanduke sukulu za sekondale zoyendera, zimene timazitcha Community Day Secondary School, kapena CDSS mwachidule.

Chimenechi chidali chitukuko chachikulu, pakuti mwana wa mlimi wamba adapeza sekondale pafupi ndi kwao. Lero ophunzira ambiri a m'sekondale za boma ali m'sukulu zoyenderazi. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Sukuluzi zidayamba ndi nyumba zochepa, zopanda malo oyeserera za sayansi, zopanda nyumba zokwanira za aphunzitsi, ndipo aphunzitsi ambiri adali oti adaphunzitsidwa ntchito ya ku pulayimale. Boma lakhala likuyesetsa kuonjezera aphunzitsi. Domasi College of Education ku Zomba idayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, Mzuzu University idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, ndipo Nalikule College of Education ku Lilongwe idatsegulidwa mu 2017. Komabe ana akuchulukirachulukira, ndipo mphunzitsi wa masamu kapena sayansi amene wamaliza maphunziro ake safulumira kuvomera kukakhala kumalo kopanda nyumba, magetsi ndi mseu wabwino. Nchifukwa chake sukulu ya m'tauni ikhoza kukhala ndi aphunzitsi okwanira pamene ina ya kumudzi, m'boma lomwelo, ikulira.

Aphunzitsi akachepa, chimayamba kufa ndi chiyani?

Tiyeni tiŵerengere limodzi. Tiyerekeze sukulu yokhala ndi makalasi 8, ndiye kuti aŵiri pa fomu iliyonse, ndipo kalasi iliyonse imaphunzira mapiriyodi 45 pa mlungu. Onse pamodzi ndi mapiriyodi 360. Ngati aphunzitsi alipo 18, aliyense akhala ndi mapiriyodi 20, ndipo atsala ndi nthaŵi yokonzekera, yochonga ndi yocheza ndi ana. Ngati alipo 10, aliyense asenza mapiriyodi 36. Ndipo mwa khumiwo muli mphunzitsi wamkulu amene amayenda ku misonkhano, muli wina amene wapita kukaonjezera maphunziro, muli mayi amene ali pa tchuthi cha uchembere. Tsono tiyerekezenso kuti m'kalasi muli ana 80. Mphunzitsi akati athe mphindi 5 pa kope lililonse, kuchonga ntchito imodzi ya kalasi imodzi kumtengera maola 6 ndi mphindi 40. M'sukulu zambiri aphunzitsi omwewo amaphunzitsanso masana ophunzira ena a sukulu yotchedwa open.

Mphunzitsi wopanikizika chotere sasiya kuphunzitsa, pakuti mayeso a MANEB sadikira. Chimene chimayamba kufa ndi zinthu zosalembedwa pa ndandanda ya maphunziro: kuitana maina m'maŵa ndi kufufuza amene wajomba, kuona mwana amene akuodzera tsiku ndi tsiku, kuzindikira amene akutsinzinira poyang'ana pa bolodi chifukwa maso sakuona bwino, kufunsa mtsikana amene adali wansangala chifukwa chake wangoti zii. Phunziro la Life Skills, limene limakamba za kukula, za kudzisunga ndi za matenda, ndilo limapatsidwa kwa mphunzitsi aliyense amene wapezeka ndi mpata, kapena kudumphidwa kumene. Chotero kuchepa kwa aphunzitsi kumabwezera m'mbuyo maphunziro, ndiponso kumachotsa maso amene akadaona matenda asanakule.

Chiŵerengero chokha sichikwanira. Tiyenera kufunsanso kuti mwa aphunzitsiwo, aakazi ndi angati. M'sukulu zambiri za kumudzi mphunzitsi wamkazi amakhala mmodzi, ndipo kwina kulibiretu. Mwa chikhalidwe chathu, mtsikana sangapite kwa bambo kukanena kuti wayamba kusamba mwadzidzidzi ali m'kalasi, kapena kuti pali mwamuna amene akumvutitsa panjira. Amangonyamula makope ake nkumapita kunyumba, ndipo maŵa lake sabwera.

Antchito amene saima pa bolodi

Ife oyendera zaukhondo tikafika pasukulu yogonera komweko, timapereka moni kwa mphunzitsi wamkulu, kenaka timapempha kuona khitchini, mosungira chakudya, zimbudzi, mabafa, dzala ndi mogona ana. Malo ameneŵa ali m'manja mwa anthu amene makolo sawaganizira kaŵirikaŵiri: metironi, ophika, wosunga katundu, osesa ndi alonda. Umoyo wa ana mazanamazana uli pa anthu ameneŵa.

Taganizani za wophika. Munthu mmodzi amene ali ndi tizilombo ta taifodi m'mimba mwake, ngakhale iye mwini asakumva kudwala, akhoza kudwalitsa sukulu yonse ngati sasamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi. Nchifukwa chake ogwira chakudya ayenera kupimidwa kuchipatala nthaŵi ndi nthaŵi, ndipo amene akutsekula m'mimba kapena ali ndi chilonda cha mafinya kumanja ayenera kupumula mpaka atachira. Koma ngati ophika alipo aŵiri okha pa ana 400, ndani angalole kuti mmodzi apumule? Amagwira ntchito akudwala, nyemba zimaphikidwa mothamanga, ndipo ndiwo zotsala masana zimaperekedwanso madzulo osazitenthetsa mokwanira.

Wosunga katundu naye ali ndi udindo waukulu. Matumba a chimanga, ufa ndi nyemba ayenera kusanjikidwa pa matabwa, osagunda pansi kapena khoma, m'chipinda chouma ndi chopita mphepo, ndipo zimene zidayamba kuloŵa ziziyamba kutuluka. Chimanga kapena mtedza wochita chuku umakhala ndi poizoni amene amaononga chiŵindi pang'onopang'ono, ndipo poizoniyo saphedwa ndi moto wophikira. Nkhani zimene timamva za ophunzira amene aswa magalasi a sukulu chifukwa cha chakudya, kaŵirikaŵiri gwero lake limakhala nyemba zofumbwa ndi ufa wonunkha zimene padalibe woziyang'anira, komanso madandaulo amene padalibe wowamvera.

Metironi ndiye mayi wa m'hositelo. Iye ndiye amadziŵa amene sadadzuke m'maŵa, amene akukanda usiku, amene akutsokomola. Mphere zimafala msanga kumene ana amagona mothinana ndi kubwerekana zofunda, ndipo sizitha pochiza mwana mmodzi yekha: onse ogona pamodzi ayenera kulandira mankhwala nthaŵi imodzi, zovala ndi zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuŵa. Chifuŵa chachikulu cha TB chimakonda chipinda chodzaza chimene mazenera ake satsegulidwa. Mwana amene wakhala akutsokomola milungu iŵiri, akutuluka thukuta usiku ndi kuonda, ayenera kukapimitsa makhololo. Malungo nawo safuna kuzengereza: mwana akatentha thupi ayezedwe magazi pasanathe maola 24, ndipo akapezeka nawo amwe mankhwala a LA mpaka kumaliza masiku onse atatu. Kumene kulibe metironi wogona pafupi, ntchito zonsezi zimagwera ophunzira anzawo otchedwa maprifekiti, amene nawonso ndi ana. Iwo amangopereka panado nkufunditsa wodwalayo bulangete.

Madzi ndi zimbudzi: tiyeni tiŵerenge

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2009 malangizo a madzi ndi ukhondo m'sukulu za maiko osauka. Malangizowo amati pasukulu yoyendera pafunika malita 5 a madzi pa munthu aliyense tsiku lililonse, ndipo pasukulu yogonera komweko pafunika malita 20. Pa zimbudzi amati chimodzi chikwanire atsikana 25, ndipo anyamata 50 akhale ndi chimbudzi chimodzi pamodzi ndi pokodzera pamodzi. Aphunzitsi akhale ndi zawozawo.

Kholo lililonse likhoza kuŵerengera lokha. Sukulu yoyendera ya atsikana 200 ndi anyamata 300 ifunika zimbudzi 8 za atsikana, zimbudzi 6 za anyamata ndi pokodzera 6, ndiponso malita 2,500 a madzi pa tsiku, amene ndi ndowa 125 za malita 20. Sukulu yogonera ya ana 400 ifunika malita 8,000. Tsono ngati sukulu yotere ikudalira mjigo umodzi umene ukugwiritsidwanso ntchito ndi mudzi wonse, dziŵani kuti ana sakusamba mokwanira, ndipo mbale zikutsukidwa m'madzi amodzimodzi.

Kumanga chimbudzi nkosavuta kusiyana ndi kuchisamala. Pafunika munthu wodziŵika amene ntchito yake ndi kuona kuti zimbudzi zakolopedwa, zili ndi zitseko ndi zovundikira, ndipo pakhomo pake pali mpondagiya kapena ndowa ya madzi ndi sopo. Atsikana afunikanso kachipinda kotseka bwino kosinthiramo ndi kusambiramo akakhala kumwezi, ndi malo otayako kapena kuotcherako zimene agwiritsa ntchito. Ntchito imene ili ya aliyense imasanduka ya palibe.

Tidaona kuopsa kwa zimenezi posachedwapa. Mliri wa kolera umene udayamba m'boma la Machinga mu March 2022 udafalikira m'maboma onse a dziko lino; anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Mu January 2023 boma lidachedwetsa ndi milungu iŵiri kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Kolera ikhoza kupha munthu wamphamvu m'maola ochepa chabe chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Sukulu iliyonse iyenera kukhala ndi mapaketi a Thanzi ORS, klorini yothira m'madzi akumwa, ndi munthu wamkulu amene akudziŵa kagwiritsidwe ntchito kake ngakhale pakati pa usiku.

Mtsikana wa m'nyumba ya lendi

Sukulu yoyendera idapangidwa kuti mwana azigona kwao. Koma kumene mtunda uli wa maola aŵiri kapena atatu wapansi, makolo amampezera mwana kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, kaŵirikaŵiri pamalo ochitira malonda. Ana eni ake amati ali pa self-boarding. Kumeneko kulibe metironi, kulibe belu la chakudya, kulibe mlonda. Atsikana anai kapena asanu amagona pamphasa imodzi, popanda neti yoteteza udzudzu, nkumagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi ndi anthu a pamsika. Ufa ukatha mwezi usanathe, ndipo kwao kulibe chotumiza, pamapezeka mwamuna wa kagolosale kapena wa njinga yamoto amene amadzipereka kuthandiza. Malipiro a thandizo lotere tonse tikuwadziŵa.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiŵerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 adali atabereka kale kapena adali ndi pakati. Pamene sukulu zidatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, nkudzatsegulidwa mu September ndi October chaka chomwecho, atsikana zikwizikwi adatenga mimba kapena kukwatiwa. Miyezi imeneyo idatiphunzitsa kuti sukulu imene ili ndi akuluakulu oyang'anira ndi mpanda wotchinjiriza mwana. Mimba ya mtsikana wamng'ono ndi yoopsa: chiuno chimakhala chisanakhwime, kubereka kumavuta, ndipo ena amatsala ndi matenda a fisitula, otayikira mkodzo kosalekeza.

Malamulo ali kumbali ya mwana. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Lamulo la maukwati la mu 2015, pamodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zidakhazikitsa kuti munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sayenera kukwatira kapena kukwatiwa. Koma lamulo lilibe miyendo. Pafunika mphunzitsi kapena mayi wa m'gulu la amayi oyang'anira atsikana, lija timati mother group, amene apite kumudzi kukamuona mtsikanayo, akambe ndi makolo ake, amthandize kulemba kalata yosungitsa malo, ndipo akabwerera amteteze kwa anzake omuseka. Kumene ntchitoyi ilibe mwini wake, mtsikanayo amangozimirira, dzina lake nkufufutidwa m'kaundula.

Ana ofunika chisamaliro chapadera

M'sukulu iliyonse muli ana amene ali ndi matenda okhalitsa. Alipo amene adabadwa ndi kachilombo ka HIV ndipo akhala akumwa ma ARV kuyambira ali aang'ono. Mankhwalaŵa amagwira ntchito bwino akamamwedwa tsiku lililonse pa nthaŵi yake. Koma m'hositelo mulibe chinsinsi. Mwana amaopa kuti anzake amva kulira kwa botolo, motero amabisa mankhwala, amadumphitsa masiku, mwinanso kusiyiratu. Pakapita miyezi kachilombo kamachulukanso m'magazi ndipo mankhwala aja akhoza kuleka kugwira ntchito. Kholo lichita bwino kusankha munthu wamkulu mmodzi wosunga chinsinsi pasukulupo, mogwirizana ndi mwanayo, kuti azimsungira mankhwala ndi kumpatsa chilolezo chopita kuchipatala. Zipatala zambiri zili ndi magulu a achinyamata otere, otchedwa Teen Club, amene amakumana kaŵirikaŵiri Loŵeruka kuti asajombe kusukulu.

Alipo ana a khunyu. Khunyu si matenda opatsirana ndipo si ufiti. Mankhwala ake alipo kuchipatala. Mwana akagwa, mchotsereni zinthu zimene zingampweteke, mgonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo kukomokako kukapitirira mphindi 5 thamangirani naye kuchipatala. Alipo a mphumu, alipo osamva bwino, osaona bwino, oyenda ndi njinga ya olumala, ndiponso achialubino amene afunika mafuta oteteza khungu kudzuŵa, chipewa, mpando wakutsogolo ndi chitetezo. Aphunzitsi a maphunziro apadera amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, koma ndi ochepa, ndipo si sukulu iliyonse ili naye. Kholo la mwana wotere lisachite manyazi: likafotokoze kwa mphunzitsi wamkulu tsiku loyamba, ndipo lifunse ngati pali sukulu yapafupi yokhala ndi zipangizo zoyenera.

Palinso matenda osaoneka ndi maso. Mwana amene wafedwa, amene akuopa kulephera mayeso, amene akuzunzidwa ndi anzake a makalasi apamwamba, kapena amene chibwenzi chamthera, akhoza kugwidwa ndi matenda a nkhaŵa. Zizindikiro zake ndi kusoŵa tulo, kusafuna kudya, kudzipatula, kulira kaŵirikaŵiri, kutsika kwa malikisi mwadzidzidzi, kuyamba moŵa kapena chamba, ndi kulankhula zoti moyo ulibe phindu. Mau otere asatengedwe ngati nthabwala kapena mwano. Mwana woteroyo asasiyidwe yekha, ndipo aperekezedwe kuchipatala. M'zipatala za maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za matenda a maganizo. Sukulu zimayenera kukhala ndi mphunzitsi wopereka uphungu, koma udindowu umangoonjezedwa pa katundu amene ali naye kale, popanda chipinda chokambiramo mwachinsinsi. Mwana amene akuchitidwa nkhanza akhozanso kuimba mwaulere pa nambala ya 116, kapena kupita ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa.

Chipatala ndi sukulu zigwirane manja

Sukulu zathu zambiri sizidzakhala ndi namwino wakewake posachedwa. Chimene chingatheke lero ndi ubale wolimba pakati pa sukulu ndi chipatala chapafupi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo aziyendera sukulu monga momwe amayendera midzi: kuona zimbudzi, kuthira klorini, kuphunzitsa za kusamba m'manja, ndi kuthandiza pa nthaŵi yogaŵa mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba. Kuyambira mu 2007 Unduna wa Zaumoyo uli ndi ndondomeko yoti achinyamata azilandiridwa bwino m'zipatala, mwaulemu ndi mwachinsinsi. Nkoyenera kuti komiti ya chipatala ndi mphunzitsi wamkulu agwirizane tsiku ndi ola limene ophunzira angathandizidwe msanga, kuti asataye tsiku lonse pamzere. Sukulu nayo isunge kaundula wa odwala, wolembamo dzina, tsiku ndi vuto. Ana asanu a m'hositelo imodzi akatsekula m'mimba tsiku limodzi, achipatala adziŵitsidwe tsiku lomwelo.

Pali zizindikiro zimene aliyense wogwira ntchito pasukulu, ngakhale mlonda, ayenera kuzidziŵa kuti sizidikira kucha: kutsekula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga, kutentha thupi pamodzi ndi kuuma khosi kapena kubwebweta, kukomoka, kubanika popuma, kutaya magazi kwambiri kwa mtsikana, ndi kumwa mankhwala oopsa. Pa zimenezi pafunika kudziŵiratu kuti njinga kapena galimoto ichokera kuti, ndipo wolipira ndani.

Zimene inu makolo mungachite

Kulemba ntchito aphunzitsi ndi udindo wa boma, ndipo kholo silingausenze. Koma safunsa adadya phula. Mukapita kukasiya mwana, kapena pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, funsani mwaulemu mafunso aŵa:

1. Kodi pasukulu pano pali ophunzira angati ndi aphunzitsi angati, ndipo aakazi ndi angati? Ndi maphunziro ati amene alibe mphunzitsi wake?

2. Mwana akajomba masiku atatu, ndani amafufuza, ndipo makolo amadziŵitsidwa bwanji?

3. Mwana akadwala usiku, amauza yani, ndipo amapita naye kuchipatala chiti?

4. Zimbudzi zogwira ntchito zilipo zingati, madzi amachokera kuti, ndipo sopo amagula ndani?

5. Ophika adapimidwa liti kuchipatala? Kodi makolo angaone nawo mosungira chakudya?

6. Ndani amapereka uphungu, ndipo mtsikana amene ali ndi vuto lachinsinsi amapita kwa yani?

7. Kodi sukulu ili ndi maina a ana onse okhala m'nyumba za lendi, ndi maina a eni nyumbazo?

Mayankho ake musangowasunga mumtima. Komiti ya makolo ilembe kalata yonena chiŵerengero chenicheni cha ana, aphunzitsi ndi zimbudzi, ndipo ikaipereke ku ofesi ya maphunziro, kwa khansala, kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera. Dandaulo lokhala ndi manambala limamveka kuposa kung'ung'udza kwa pabwalo.

Palinso zimene mudzi ungachite ndi manja ake. Nyumba yabwino ya mphunzitsi ndiyo nyambo imene imakopa ndi kusunga mphunzitsi kumudzi, makamaka wamkazi. Kuumba njerwa ndi kututa mchenga ndi ntchito imene midzi yathu idaizoloŵera kale. Mafumu akhoza kuika lamulo loti mwini nyumba aliyense wosunga ana a sukulu akhale ndi chimbudzi, bafa ndi chitseko chokhoma, ndipo amayi aŵiri kapena atatu odalirika azisinthana kuyendera anawo mlungu uliwonse. Makolo angagwirizane kulemba ntchito mayi wokhwima maganizo kuti akhale metironi kumene boma silinatumize. Mwana wamasiye kapena wosoŵa akalembetsedwe ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu, ndipo mufunse za mabungwe othandiza atsikana monga CAMFED ngati akugwira ntchito m'dera lanu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pomaliza, musaiŵale gawo lanu la inu eni. Mpatseni mwana neti, sopo, kabuku kake ka kuchipatala, ndipo ngati ndi mtsikana, zofunika pa nthaŵi ya msambo. Mukamuyendere pakati pa teremu, muone pamene amagona ndi chimene amadya, ndipo mudziŵane ndi mphunzitsi wa kalasi yake ndi kumsiyira nambala ya foni imene mungapezekepo. Aphunzitsi athu ambiri akugwira ntchito ya anthu aŵiri kapena atatu. Akaona kuti kholo likubwera, likufunsa ndi kuthandiza, nawonso amalimba mtima, ndipo mwana amene akudziŵika ndi dzina kwa akuluakulu aŵiri kapena atatu sadwala kapena kusiya sukulu popanda wozindikira.